TISINGANO TA M'KHUTU NDI MABALA A MUMTIMA

Madzulo ano tikamba za nthenda imene sioneka pakhungu, ndiponso za njira ina yacilendo imene anthu a maiko ena ayesa kuicepetsa nayo, ndiyo kubaya tisingano tating'ono m'khutu mwa munthu. Azungu amaicha njirayi acupuncture. Ambiri a inu kwanu ndi ku Petauke ndi ku Nyimba, kwa Nyalugwe, kwa Ndake, kwa Luembe ndi kwa Kalindawalo, ndipo nkhani yathu iyambira komweko, pakuti dziko la Ansenga linasungapo anthu zikwi zambiri amene anadza ndi nthenda imeneyi.

ALENDO A KU TETE

Nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi asilikari a Renamo ku Mozambique inayamba mu 1977, nitha mu 1992 pamene anapangana za mtendere ku Rome pa 4 October. Nkhondoyo itakula, ca m'ma 1985, anthu a m'cigawo ca Tete anayamba kudumpha malire, mwana kumsana, mphika pamutu, nalowa m'midzi ya Petauke, Katete ndi Chadiza. Ambiri a iwo sanali alendo eni-eni. Anali Ansenga ndi Acewa, a mfunda umodzi ndi eni mudzi, ndipo ena anangofikira kwa amalume ao kapena kwa apongozi. Koma nkhondo inawalondola. Asilikari a Renamo nawonso anayamba kudumpha malire, nafunkha zakudya ndi ziweto, napha anthu m'midzi ya Zambia yomwe, ndipo akulu ambiri a m'malire akumbukirabe zaka zimene anali kugona kuchire. Kuyambira mu 1987 Boma, pamodzi ndi UNHCR, ndilo bungwe la United Nations losamala anthu othawa kwao, linasamutsira othawawo ku Ukwimi, makilomita ngati 70 kumpoto kwa boma la Petauke, kutali ndi malire. Kumeneko anafika anthu ngati 25,000. Banja liri lonse linapatsidwa munda, nalima cimanga ndi nsawa, ndipo mu 1994 ambiri anabwerera kwao.

Munda unathetsa njala, zitsime zinathetsa ludzu, ndipo masukulu anamangidwa. Komatu panatsala cina cimene khasu silikanatha kulima. Ca m'ma 1990 bungwe la Akatolika losamala ana, lochedwa International Catholic Child Bureau, linatumiza anthu kukamva nkhani za amai ndi ana a pa Ukwimi, ndipo anapeza kuti ambiri anali kuzunzikabe ndi zimene anaona ku nkhondo, ngakhale tsopano anali pa mtendere. Pambuyo pace anaphunzitsa anthu a m'midzi yomweyo kuti azithandiza anzao. Musaiwale mau awa, abale anga, kuti othandizawo anali anthu a m'midzi yomweyo, pakuti tidzabwererako.

Nanga nthendayi ndi yotani? Munthu akakomana ndi coopsa, monga mkango pa njira kapena mwala wogumuka pansi pa mgodi, thupi lace lidzikonzera lokha kuthawa kapena kumenyana. Mtima ugunda msanga, mpweya ufupika, mwazi uthamangira ku miyendo ndi ku manja, ndipo maso ndi makutu zikhala cheru. Ici ndi cabwino, ndipo capulumutsa anthu ambiri. Coopsa cikapita, thupi liyenera kubwerera m'malo mwace, ndipo kwa anthu ambiri libwereradi patapita masiku kapena masabata. Koma kwa ena silibwerera. Likhala ngati mlonda amene sanauzidwe kuti kunja kwaca. Munthu wotere sagona tulo. Akagona alota zomwezo, nadzuka thukuta liri kamu-kamu. Citseko cikamenyeka adzidzimuka ngati wamva mfuti. Apewa njira, pfungo kapena nyimbo imene imkumbutsa tsikulo. Akalipira ana popanda cifukwa, ndipo kawiri-kawiri afuna tulo m'botolo la kacasu. Zizindikirozi zikapitirira mwezi ndi kumlepheretsa munthu nchito zace, madotolo amaicha nthendayi PTSD.

Inu a ku migodi simusowa kupita ku nkhondo kuti muidziwe. Pa 25 September 1970 matope anatsikira m'mgodi wa Mufulira napha amuna 89. Amene anafa analembedwa maina. Koma panalinso amene anaturuka amoyo, ndi amene anatsika kukafuna anzao, ndipo palibe buku limene liwerenga usiku wosagona wa anthu otere. Ndiponso pa mseu waukuru wa kum'mawa, m'mapiri a pakati pa ulalo wa Luangwa ndi Kacholola, munthu wopulumuka pa ngozi ya basi akhoza kufika kumudzi wopanda bala, koma osafunanso kukwera galimoto moyo wace wonse.

KUMENE TISINGANO TINACOKERA

Kubaya tisingano pofuna kuciza ndi mwambo wa anthu a ku China, ndipo unalembedwa m'mabuku ao zaka zoposa 2,000 zapitazo. Iwo anali kubaya malo ambiri a pa thupi lonse. Za khutu makamaka zinakula posacedwa, ndipo zinakulira ku France. Dotolo wina wa ku Lyon, dzina lace Paul Nogier, m'zaka za m'ma 1950 anaganiza kuti khutu lifanana ndi khanda logona mozondoka m'mimba mwa mai wace, mutu pansi, najambula cithunzi cosonyeza malo a ciwalo ciri conse m'khutumo. Ganizo limeneli nlokoma kulimva, koma tinene poyera kuti opima thupi la munthu sanapeze mitsempha yocokera pa malo amenewo kulunjika ku ciwindi kapena ku impso monga cithunzico cinenera.

Mu 1972 ku Hong Kong dotolo wina wa opareshoni, H. L. Wen, anali kubaya odwala m'khutu pofuna kucepetsa ululu, ndipo wodwala wina wozolowera kusuta opiamu anamuuza kuti cilakolako cace cazizira. Mbiriyi inafika ku New York, ku Lincoln Hospital, m'dera la anthu osauka lochedwa South Bronx, kumene anyamata a m'deralo, akuda ndi a ku Puerto Rico, anali atatsegula malo othandizira anthu ogwidwa ndi mankhwala oledzeretsa a heroin. Iwo pamodzi ndi dotolo Michael Smith anayesa-yesa kwa zaka zingapo, nasankha malo 5 m'khutu liri lonse. Atatu achedwa ndi maina a impso, ciwindi ndi mapapo. Limodzi ndi la mitsempha imene iulutsa mtima. Ndipo lacisanu a ku China alicha shen men, ndiko kuti cipata ca mzimu. Mu 1985 anayambitsa bungwe lochedwa NADA lophunzitsa njirayi, ndipo dzina la bungwelo lakhala dzina la njira yomwe.

Kacitidwe kace nkotere. Anthu akhala pa mipando kapena pa mphasa m'cipinda cimodzi, kapena pansi pa mtengo, khumi kapena makumi atatu pamodzi. Palibe wovula cobvala. Wobaya apukuta khutu ndi mankhwala opha tizirombo, natsegula tisingano tatsopano tocokera m'pepala lomata. Tisinganoto ntocepa koposa singano wa jekeseni, tiribe bowo, ndipo mulibe mankhwala ali onse m'kati mwace. Tilowa pang'ono pokha pa khungu la khutu, ndipo ululu wace uli ngati kuluma kwa nyerere. Atabaya 5 uku ndi 5 uku, munthu akhala cete mphindi 30 kufikira 45. Ena aodzera, ena agwetsa misozi, ena angoyang'ana pansi. Nthawi ikakwana tisingano ticotsedwa, ndipo munthu apita kwao. Kwa ana ndi kwa oopa singano amamata kanjere kakang'ono pa malo omwewo ndi pulasitala.

Tsono cifukwa ninji njira yopangidwira osuta heroin inafika ku misasa ya othawa nkhondo? Obaya anaona kuti anthu ao anali kunena kawiri-kawiri kuti agona bwino ndipo mtima wakhala pansi. Cotero nyumba zazitali za ku New York zitagwetsedwa mu September 2001, anabaya ozima moto ndi anamwino otopa. Mu 2005, namondwe wochedwa Katrina atamiza mzinda wa New Orleans, mai wina dzina lace Diana Fried anayambitsa bungwe la Acupuncturists Without Borders, limene pambuyo pace linapita ku Haiti civomezi citacitika mu 2010, ndi ku Nepal mu 2015. Kuno ku Africa citsanzo cofanana kwambiri ndi Ukwimi ciri ku Uganda. Cisankho ca ku Kenya ca mu December 2007 citabala cipolowe, anthu oposa 1,000 anaphedwa ndipo zikwi mazana angapo anathawa m'nyumba zao. Ena anaolokera ku Uganda, nasungidwa pa msasa wa Mulanda, ndipo pambuyo pace ku Kiryandongo. Mu 2008 aphunzitsi a njira ya NADA anafika kumeneko. Iwo sanakhalitse, koma anaphunzitsa ena mwa othawawo, nawasiyira tisingano, ndipo othawawo anapitiriza kubaya anzao alendo aja atapita.

Ubwino wace pa malo otere ngosabvuta kuuona. Tisingano sitidula, sitifuna magetsi kapena firiji, ndipo katundu wa anthu mazana akwana m'cikwama ca pa njinga. Munthu mmodzi atumikira anthu ambiri pa ora limodzi. Malo 5 okhawo munthu wosamala awaphunzira m'masabata owerengeka. Koma cacikuru koposa, monga ndionera ine, ndi ici: wodwala safunsidwa kanthu. Mai amene anacitidwa zamanyazi ndi asilikari sangathe kuzinena kwa mlendo, makamaka kudzera mwa womasulira amene ali mnansi wace. Mwamuna wa ku mgodi sabvomera pamaso pa anzace kuti aopa kulowa m'cikepe. Ndipo tonse tidziwa kuti munthu akangomveka kuti wapita kukaonana ndi dotolo wa maganizo, a m'komboni ayamba kunong'onezana za Chainama. Pa mphasa ya tisingano palibe cotere. Ukhala pakati pa anzako, palibe adziwa cimene cakubweretsa, ndipo ucoka osachula liu limodzi.

KODI TIMACIZADI?

Apa mpofunika kuyenda pang'ono-pang'ono, pakuti ogulitsa mankhwala sacedwa kulonjeza. Njira yoyesera mankhwala moona ndiyo kugawa odwala m'magulu mwa maere, kupatsa ena mankhwala eni-eni, ena cinthu congofanana nao, ndi kuona ngati pali kusiyana. Mu 2002 ku America anaturutsa zotsatira za kuyesa kotere pa anthu 620 ogwidwa ndi cocaine. Ena anabayidwa pa malo a NADA, ena pa malo ena a khutu amene sawerengedwa, ndipo ena anangokhala cete kuonera zithunzi zotonthoza mtima. Magulu atatuwo anathandizidwa mofanana. Ici cinakhumudwitsa okonda tisingano, koma ciri ndi phunziro lace, lakuti mwina cimene cithandiza ndi kukhala cete, pa malo osaopsa, nthawi yoikika, pamaso pa munthu wokusamala.

Pa nthenda ya PTSD yeni-yeni mbiri iri bwinopo. Mu 2007 dotolo Michael Hollifield anayesa anthu oposa 70, napeza kuti obayidwa anapeza bwino monga anzao amene anathandizidwa ndi njira yokambirana m'gulu, ndipo onsewo anaposa amene anali kungodikira. Mu 2024 dotolo yemweyo ndi anzace anayesa asilikari opuma 93, napeza kuti kubaya kweni-kweni kunaposa kubaya kongonamizira. Komabe kumbukirani kuti m'mayeso awiriwa odwala anali kubayidwa pa thupi, mmodzi-mmodzi, ndi akatswiri ophunzira zaka zambiri, ndipo zimenezi zisiyana ndi tisingano 5 ta m'khutu ta pa msasa. Ndipo mu 2018 akatswiri ena atasonkhanitsa mayeso 7 amene analipo pa nthawiyo, anagamula kuti umboni unali wofooka ndithu. Nkhani za ku misasa, monga za ku Uganda, ndi mau a anthu onena kuti anagona bwino. Ndi mau oyenera ulemu, koma panalibe gulu lina lofanizira nalo. Ena aganiza kuti tisingano tikhudza nthambi ya mtsempha waukuru wochedwa vagus, umene ufika m'kati mwa khutu ndipo nchito yace ina ndi kubweza mtima ukathamanga. Nthambiyo iripodi, koma kuti ndiyo icititsa zonsezi ndi ganizo loyembekezabe umboni.

Njira imene World Health Organization ilimbikitsa pa nthendayi ndiyo ya kukambirana mwa dongosolo ndi munthu wophunzitsidwa, kufikira wodwala atatha kukumbukira tsiku loopsalo osanjenjemera. Ndipo umboni wina wamphamvu wa njirayi unacokera m'dziko lathu lino. M'makomboni a Lusaka anayesa ana 257, amasiye ndi ozunzidwa, ndipo owathandiza sanali madotolo, koma anthu wamba ophunzitsidwa ndi kuyang'aniridwa. Zotsatira zinaturuka mu 2015: zizindikiro za ana othandizidwa ndi njirayi zinatsika ndi magawo 82 pa 100, pamene za anzao zinatsika ndi magawo 21 okha. Ku Harare nako dotolo Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo akazi kukhala pa benci panja pa cipatala ndi kumvetsera anthu olemedwa mtima, ndipo mayeso anasonyeza kuti anathandizadi. Taonani tsono kuti ku Ukwimi, ku Kiryandongo, ku Lusaka ndi ku Harare cinthu cimodzi cibwera-bwera, ndico mnansi wophunzitsidwa bwino.

Cotero malo oyenera tisingano ndi pa khomo. Munthu amene sangathe kulankhula lero akhoza kukhala pa mphasa. Akagona bwino usiku uwiri kapena utatu, nazolowera nkhope ya womthandiza, mwina sabata lacitatu adzatsalira anzace atapita, nayamba kunena. Pamenepo payenera kukhala wina wodziwa kumvetsera, ndi njira yomtumizira ku cipatala. Gulu lobwera ndi tisingano tokha, lojambula zithunzi ndi kubwerera kwao Lacisanu, lisiya anthu pa khomo la nyumba yopanda cipinda.

MLENDO NDI KALUMO KACE

Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo nzoona. Koma kalumo kakuthwa kacekanso mwini tsitsi akapanda kusamala. Ife za kuboola khungu pofuna kucira sitiziona zacilendo, pakuti ambiri tiri ndi mphini za asing'anga pa cifuwa kapena pa mphumi. Kuzolowera kumeneku ndiko kungatipusitse. Lumo limodzi lotemera anthu asanu lipatsira HIV ndi nthenda ya ciwindi ya hepatitis B, ndipo singano wa m'khutu wobwerezedwa acita cimodzi-modzi. Kumviika m'madzi otentha kapena m'mowa sikukwanira. Khutu nalonso liri ndi cicerecere cimene sicilandira mwazi wambiri, ndipo cikalowa tizirombo cicedwa kupola, nicipindika. Zobvuta zina nzazing'ono: kadontho ka mwazi, kapena cizungulire kwa munthu wobwera ndi njala, ndipo cifukwa cace wobayidwa ayenera kukhala pansi, atadya kanthu.

Coopsa cina ndi kucedwa. Sikuti munthu ali yense wosagona ndi wosokonezeka ali ndi bala la mumtima. M'cigwa ca Luangwa, kumene midzi ina ya kwa Nyalugwe ndi kwa Luembe iyandikana ndi nyama za m'chire, muli nchenche za kashembe zopatsa nthenda ya kaodzera. Wodwala kaodzera amva mutu, atentha thupi, aodzera usana, asowa tulo usiku, ndipo makhalidwe ace asintha, kotero kuti abale akhoza kuyesa kuti ndi maganizo kapena mizimu. Kaodzera wa m'cigwaci athamanga, ndipo akapanda mankhwala apha m'miyezi yowerengeka. Malungo okwera ku mutu apha msanga koposa apo. Cotero inu a m'tauni, mukamva kuti mbale wanu kumudzi wasintha, ndipo thupi liri kutentha, tumizani ndalama ya ulendo wa ku cipatala ca ku Nyimba kapena ca ku Petauke kuti akampime mwazi. Momwemonso munthu wakugwa khunyu, wakumva mau a anthu osaoneka, kapena wonena za kudzipha, asacedwetsedwe pa mphasa ngakhale tsiku limodzi. Ndipo amene amwa mankhwala a HIV, a TB kapena a maganizo asaleke kumwa cifukwa ca tisingano.

Ngati tsiku lina anthu obaya afika m'komboni mwanu, pa chalichi, kapena pa bwalo la amfumu kumudzi, musacite manyazi kufunsa. Funsani kumene anaphunzira, ndiponso ngati a cipatala ca boma ca m'dera lanu awadziwa. Funsani amene adzatsala ndi nchitoyo iwo akapita, ndi kumene atumiza munthu amene tisingano tamlephera. Wolonjeza kuciza AIDS, shuga kapena kusabala ndi tisingano ta m'khutu, ndi wofuna mbuzi kapena malipiro a mwezi wathunthu, mtsanzikeni mwaulemu. Ndipo mukakhala pa mphasapo, penyani manja ace: asambe, atsegule pepala la tisingano inu muli kuona, ndipo pocotsa awerenge kuti takwana 10 monga tinalowera, natiponye m'bokosi lolimba la singano zakutha nchito, limene lipita kukatenthedwa ku cipatala.